Kodi RX 580 ingagwire ntchito mu Dell yanga yakale?

Funso lachokera kwa wowerenga wa ku Ndirande: "Ndili ndi Dell OptiPlex 7010, yaing'ono ija yogoneka patebulo, ndinaigula yogwirapo kale ntchito. Muli Core i5-3470, RAM ya 8GB ndi hard disk, ndipo monita yanga ndi ya chingwe cha VGA. Ndimakonza makanema a maukwati ndi zinkhoswe, madzulo ndimafunanso kumenyako gemu ya mpira. Makanema ojambulidwa pa mafoni a masiku ano amadodoma kwambiri ndikamawadula. Wina ku Limbe akugulitsa graphics card ya RX 580 ya 8GB pamtengo wabwino, akuti ndikangoika mavuto onse atha. Ndigule?"

Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye. RX 580 ndi khadi (graphics card, chipangizo chokonza zithunzi zopita ku monita) labwino, lakhala likutumikira anthu kuyambira 2017, koma m'kompyuta yanuyo silingalowe, ndipo ngakhale mutalikakamiza, power supply yanu, kabokosi kogawa magetsi m'kati mwa kompyuta, singathe kulipatsa mphamvu zomwe limafuna. Wogulitsayo mwina sakukunamizani mwadala. Iye akudziwa khadi lake, koma kompyuta yanu sanaitsegulepo. Ambiri timasankha khadi poyang'ana ma GB olembedwa pakatoni, chikhalirecho pa makompyuta a muofesi ngati anuwa zomwe zimalamula ndi kukula kwa bokosi ndi mphamvu ya power supply. Khadi limasankhidwa ziwirizi zitadziwika kale.

Chimene anthu amachiopa kwambiri ndi slot, polowetsa khadi paja, pamene si pomwe pamavuta kwenikweni. Makhadi onse a masiku ano amalowa mu slot ya PCI Express x16, yaitali ija ya pa motherboard, bolodi lalikulu lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo. PCIe inayamba mu 2003, mtundu wa 2.0 unabwera mu 2007, wa 3.0 mu 2010, wa 4.0 mu 2017, ndipo yonseyi imamvana: khadi latsopano likalowa mu slot yakale limagwira ntchito, kungoti limayendera liwiro la slot yakaleyo. Yanuyo, chifukwa cha i5-3470, ndi ya 3.0, ndipo ndi yokwanira bwino. Okhawo amene ali ndi makompyuta a slot ya AGP, a zaka za m'ma 2004 kubwerera m'mbuyo, ndi amene alibe chiyembekezo pankhaniyi.

Tsopano tsegulani chivundikiro cha m'mbali, mutenge rula. Bokosi lanulo, lomwe a Dell amalitcha SFF, ndi lonenepa pafupifupi masentimita 9 okha. Khadi wamba ndi lalitali masentimita 11 kuchoka pa slot kupita pamwamba, ndipo kachitsulo kake kakumbuyo, komwe timati bracket, ndi ka masentimita 12. RX 580 zambiri zimapitiriranso pamenepo chifukwa cha mafani awiri ndi zitsulo zoziziritsira, ndipo m'litali zimadutsa masentimita 20. Chivundikiro sichingatseke, ndipo kutsogolo khadilo lingagunde malo a hard disk. Bokosi lotere limalandira makhadi a low profile okha, omwe msinkhu wake sufika masentimita 7 ndipo bracket yake ndi ya masentimita 8. Pogula khadi la low profile funsani ngati bracket yaifupiyo ilipo. Makhadi ambiri ogwirapo kale ntchito amabwera ndi yaitali yokha, yaifupi inatayika kalekale, ndipo ndaonapo makhadi atangolendewera mu slot opanda chogwirira, chingwe cha monita chikakokedwa pang'ono chithunzi n'kuzima.

Muonenso kunenepa kwa khadilo. Ena amatenga malo a slot imodzi, ena a ziwiri. Pa ma Dell ena ang'onoang'ono, monga OptiPlex 9020, slot ya x16 ili m'mphepete mwenimweni mwa power supply, moti khadi lonenepa silikwana ngakhale lili la low profile. Yang'anani mbali yomwe fani ya khadi idzaloze, muyeze danga lomwe lilipo kuchoka pa slot kufika pa chinthu choyamba chotchinga. Mujambule ndi foni, rula ili pomwepo.

Pa power supply ndi pomwe ndikufuna tichedwepo, chifukwa apa mukalakwitsa zinthu zimapsa. Slot payokha imatha kupereka mphamvu zosapitirira 75W. Khadi lofuna zambiri limakhala ndi polowetsa chingwe china chochokera ku power supply: cha mapini 6 chimawonjezera 75W, cha mapini 8 chimawonjezera 150W. RX 580 imadya pafupifupi 185W, kawirikawiri imafuna chingwe cha mapini 8, ndipo opanga amalangiza power supply ya 500W. Yanuyo ndi ya 240W yonse, ndipo mukafufuza mawaya ake simupeza chingwe cha mapini 6 kapena 8. Sanaiwale kuikapo. Kompyutayi anaipangira ntchito ya muofesi, yolemba makalata ndi kuwerengetsa ndalama.

Pambali pa power supply pali chipepala chomata. Pamenepo musangowerenga nambala yaikulu yokha, fufuzani mzere wolembedwa +12V, chifukwa processor ndi khadi zonse zimadya pa mzere umenewo. Ma ampere olembedwa pansi pake muchulukitse ndi 12. Mwachitsanzo, ngati palembedwa 17A, ndiye kuti muli ndi 204W pa ntchito yolemera. Processor yanu ndi ya 77W. Motherboard, RAM, disk ndi mafani tingaziwerengere 30W kapena 40W. Zotsalazo zikukwana khadi la 75W, movutikira ndithu, koma RX 580 yokha ingamalize pafupifupi zonse. Kumbukiraninso kuti 7010 inatuluka mu 2012. Power supply yomwe yagwira ntchito zaka zoposa khumi, kutentha ndi fumbi zili pomwepo, sipereka mphamvu ngati mmene inkachitira ili yatsopano.

Wina adzakuuzani kuti pali kachingwe kosinthira, kochoka pa pulagi ya SATA kupita ku mapini 6 kapena 8, ndipo n'kotchipa. Kakaneni. Pulagi ya SATA inapangidwa kuti izinyamula pafupifupi 54W pa 12V, ndiye kuikokera 75W kapena 150W kuli ngati kulumikiza ketulo, ayironi ndi hotplate pa extension imodzi yopyapyala: poyamba zimayaka bwinobwino, kenako mumamva fungo la pulasitiki. Ine makompyuta obwera ndi pulagi yakuda yosungunuka ndimawalandira, ndipo nthawi zina hard disk yomwe inali pa chingwe chomwecho imakhala itapita nayo limodzi. Kwa inu disk imeneyo muli ukwati wa anthu, womwe sungajambulidwenso kachiwiri.

Nanga kusintha power supply? Pa bokosi lalikulu loimirira zimatheka, makamaka 7010 yaikulu, yomwe pulagi yake ya pa motherboard ndi ya mapini 24 monga makompyuta ena onse. Pa laling'ono ngati lanu power supply ndi yaitali, yopyapyala, yopangidwira bokosi lomwelo, ndipo wamba ija ya makona anayi ilibe pokhala. Amene ali ndi 7020 kapena 9020 ali ndi vuto linanso, chifukwa kumeneko a Dell anaika pulagi yawoyawo ya mapini 8, ndipo ma HP ndi ma Lenovo ambiri a muofesi nawonso ali ndi mapulagi awoawo. Ena amasiya bokosi lotsegula, power supply yaikulu ili panja, khadi likutulukira pamwamba. Zimayaka, koma ndi fumbi la ku Ndirande mwezi wa Okutobala, ana akudutsadutsa m'nyumba, sindingakulangizeni zimenezo pa makina omwe mumadyerapo.

Ndiye mugule chiyani? Mufune khadi la low profile lopanda polowetsa chingwe cha magetsi, lomwe limakhutira ndi slot yokha. Awiri omwe ndimawakhulupirira pa makina ngati anuwa ndi GTX 1050 Ti ya 2016 ndi GTX 1650 ya 2019, onse a 4GB ndiponso a 75W. Pa GTX 1650 muonetsetse, chifukwa mitundu ina ya khadi lomweli imafuna mapini 6. Kulinso RTX 3050 ya 6GB, ya 70W, yomwe inatuluka mu 2024 ndipo ya low profile ilipo, koma mtengo wake ungapose wa kompyuta yanu yonse, ndipo i5-3470 singathe kuithamangitsa mokwanira. Ndikuuzeninso poyera kuti pa mabokosi ang'onoang'ono opanga makompyuta amalemba malire a slot otsikirapo kuposa 75W. Anthu ambiri amayendetsa makhadi awiri ndatchulawa m'mabokosi otere popanda vuto, koma mukhala muli kumalire, choncho power supply yanu iyenera kukhala yamoyo bwino. Ngati imalira modabwitsa kapena kompyuta imazima yokha nthawi zina, yambani mwakonza zimenezo. Mukafuna kukhala kutali ndi malire, makhadi a Quadro ochotsedwa m'makompyuta a mainjiniya, monga P620 ya 40W kapena P1000 ya 47W, ndi opyapyala, a slot imodzi, ndipo pa ntchito ya makanema amathandiza. Potulukira pake ndi pa mini DisplayPort, ndiye mudzafuna kachingwe kosinthira.

Chifukwa chimene makhadi amenewa angakuthandizireni n'chakuti mafoni ambiri a masiku ano amajambula mu H.265, yomwe imatchedwanso HEVC. Kachigawo ka zithunzi komwe kali mkati mwa i5-3470, Intel HD 2500, kamadziwa H.264 koma H.265 sikaidziwa, ndiye ntchito yonse yomasulira kanemayo imagwera processor, n'chifukwa chake mumaona kudodoma. GTX 1050 Ti ndi GTX 1650 zili ndi kachigawo komasulira H.265, komanso kena kotchedwa NVENC kothandiza potulutsa kanema womaliza. Apa mpomwe makhadi awiri otchipa amanyenga anthu. GT 1030 imadya 30W yokha ndipo imalowa paliponse, imathandiza poonera kanema, koma NVENC ilibe. Ilinso mitundu iwiri potengera memory yake, ya GDDR5 ndi ya DDR4, dzina ndi limodzi koma ya DDR4 ndi yofooka kwambiri. RX 6400 ya 2022 imadya 53W ndipo pa magemu siyoipa, koma nayonso ilibe kachigawo kotulutsira kanema, ndipo imagwiritsa njira 4 zokha mwa 16 za mu slot, zomwe zimaibweza m'mbuyo ikakhala pa PCIe 3.0. Kwa munthu wa makanema a maukwati imeneyi si yanu. Makhadi a Intel Arc nawonso asiyeni, amafuna chinthu chotchedwa Resizable BAR chomwe makompyuta a zaka zimenezo alibe.

Pa gemu ya mpira musayembekezere zodabwitsa. FIFA 23 inalemba GTX 1050 Ti ngati khadi lotsikitsitsa lomwe ingayendere, ndipo processor yomwe inalemba ndi ya m'badwo wa 6, pomwe yanu ndi ya m'badwo wa 3. Mitundu yakale ya gemuyi idzayenda bwino, yatsopano idzavutika ngakhale khadi likhale labwino chotani. Mapulogalamu ena atsopano okonzera makanema amafunanso processor yokhala ndi luso lotchedwa AVX2, lomwe pa Intel linayamba ndi m'badwo wa 4. Musanakweze pulogalamu yanu kupita ku mtundu watsopano, muone kaye zomwe ikufuna.

Monita yanu ya VGA ndi msampha wina womwe ambiri amauzindikira atafika kale kunyumba. Kuyambira pa GTX 1050 Ti ndi anzake a m'badwo umenewo, NVIDIA, kampani ya makhadi amenewa, inasiya kutulutsa chithunzi cha analogi chomwe VGA imafuna. Polowetsa DVI pomwe mukuona pa khadilo ndi pa DVI-D, ndipo kapulagi kaja kosinthira DVI kupita ku VGA, komwe tinkagwiritsa ntchito kale, sikatulutsa kanthu. Chofunika ndi converter ya HDMI kupita ku VGA, kapena ya DisplayPort kupita ku VGA, yokhala ndi kachipangizo mkati. Muigule tsiku lomwelo. Yang'ananinso kumbuyo kwa monita, mwina pali DVI yomwe simunaigwiritsepo ntchito, chifukwa chithunzi chake chimakhala chakuthwa kuposa cha VGA.

Nkhani ya VGA yomweyi ndi imene imagwiritsa makhadi abodza. Pamsika pamapezeka makhadi akale kwambiri, monga GTS 450, omwe anawasintha pulogalamu yamkati kuti azidzitchula GTX 1050 Ti. Windows imawerenga dzina labodzalo n'kulikhulupirira. Mukaona khadi lolembedwa GTX 1050 Ti koma kumbuyo kwake kuli polowetsa VGA pa buluu, chenjerani nalo kwambiri. Kapulogalamu kaulere ka GPU-Z kamaonetsa chip yeniyeni yomwe ili mkati, ndipo makhadi ambiri otere kamawalemba kuti ndi abodza. Kaikeni pa flash musanapite kokagula.

BIOS yanu, pulogalamu ya pa motherboard yomwe imadzutsa kompyuta, siyenera kuvuta kwambiri chifukwa 7010 ili ndi mtundu wake watsopano wotchedwa UEFI, komabe ikwezeni kufika pa mtundu womaliza womwe a Dell anatulutsa musanaike khadi. Muchite zimenezi kompyuta ili pa UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi, chifukwa magetsi akazima pakati pa ntchitoyi motherboard imatha kufa. Kwa ena amene akuwerenga ali ndi makina akale kuposa awa, a Core 2 Duo kapena ma i5 oyambirira, apa ndi pomwe pamakhala vuto lenileni. Makina amenewo ali ndi BIOS yachikale, ndipo makhadi ena atsopano amangoimitsa kompyuta pa chizindikiro cha kampani kapena kusiya sikirini yakuda, fani ikuzungulira. Zimachitikanso mosemphana: khadi lakale kwambiri pa makina omwe chitetezo chotchedwa Secure Boot ndi choyatsa limakana kuonetsa chithunzi mpaka mutatsegula Legacy, njira yachikale yoyatsira, mu BIOS. Pa Core 2 Duo ine sindingaike ndalama zambiri pa khadi. GT 710 kapena GT 730 ikukwana kuti mupeze HDMI, zotsalazo muzisungire makina ena.

Ma driver, mapulogalamu omwe amathandiza Windows kuyendetsa khadi, amafuna Windows ya 64-bit, chifukwa NVIDIA inasiya kutulutsa a 32-bit mu 2018. Ngati mukadali pa Windows 7, yomwe Microsoft inasiya kuisamalira mu Januwale 2020, samukani. Windows 10 nayo chisamaliro chake chanthawi zonse chinatha pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo imafuna processor ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, ndiye makina anu ali kumapeto kwa ulendo wawo. N'chifukwa china chomwe sindikufuna muwonongerepo ndalama zochuluka. Pakati pa makhadi awiri aja, GTX 1650 ndi yomwe ipitirire kulandira ma driver atsopano kwa nthawi yaitaliko, chifukwa m'badwo wa GTX 1050 Ti a NVIDIA ayamba kale kuupumitsa. Driver imodzi imaposa 500MB, ndiye konzekerani bandulo, ndipo muitenge pa tsamba la NVIDIA lenilenilo.

Ndisanaiwale, mwatchula hard disk. Ngati Windows ndi makanema anu zonse zili pa disk yozungulira ija, gawo lalikulu la kuchedwa likuchokera pamenepo, ndipo palibe khadi lingachotse zimenezo. SSD ya SATA, disk yachangu yosazungulira, imalowa mu 7010 popanda vuto, ndipo RAM ya DDR3 mutha kuikweza kufika 16GB chifukwa muli malo anayi. Ndalama zikakhala zochepa, ine ndingayambe SSD, kenako RAM, khadi pambuyo. Mu pulogalamu yanu yodulira makanema mufufuzenso zopanga ma proxy, timakope topepuka ta kanema tomwe mumadulira, pomaliza pulogalamu n'kubwerera ku kanema weniweni. Zimenezi n'zaulere ndipo mutha kuziyesa usiku uno.

Tsiku logula, nyamulani kompyuta yanuyo mupite nayo. Ndi yaing'ono, imakwana m'chikwama, mu minibasi ya ku Limbe mukhoza kuifukata pamiyendo. Khadi loyesedwa pa makina a wogulitsa langosonyeza kuti ndi lamoyo, silinasonyeze kuti ligwirizana ndi makina anu. Poika, zulani chingwe kukhoma, mudinikize batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe, mugwire chitsulo cha bokosi musanagwire khadi. Likankheni molunjika mpaka kachogwirira ka kumapeto kwa slot kalire kuti "tha". Chingwe cha monita chichoke pamalo akale a pa motherboard chipite pa khadi, chifukwa ambiri amene amandiimbira kuti sikirini yada amakhala aiwala chimenechi. Mukatero tsekani chivundikiro, muike driver, mutsegule GPU-Z, kenako mutulutse kanema weniweni wa ntchito yanu kapena muyendetse gemu kwa mphindi 20. Muziona kutentha: kukamakhala pansi pa madigiri 80 zili bwino, kukamakwera kupitirira 85 m'bokosi lotseka ndiye kuti nyengo yotentha lidzakuvutani. Madontho kapena mizere yachilendo pa sikirini ndi chizindikiro cha khadi lodwala. Kompyuta ikazima yokha ntchito ikangolemera, power supply yalephera, ndipo khadi limenelo libwezeni pomwepo. Wogulitsa wokana kuti muyesere pa makina anu, musiyeni ndi khadi lake.

Kunyumba, bokosilo lisapanikizike m'kabati kapena kukhoma, chifukwa khadi lawonjezera kutentha m'malo omwe anali othina kale. Muzilipemerera fumbi pakapita miyezi ingapo, makamaka chilimwe, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire mopitirira. UPS yanu muiwerengerenso: ya 650VA imapereka pafupifupi 360W mpaka 390W, zomwe zikukwana makina anu ndi monita ngati mwaika khadi la 75W, bola batire yake ikhale yamoyo.

Ngati mtima uli pa RX 580 basi, njira yake ndi kugulitsa 7010 yaing'onoyo n'kupeza bokosi lalikulu loimirira, la motherboard ya mapini 24, processor ya m'badwo wa 4 kapena kuposa, ndi power supply yeniyeni ya 500W yokhala ndi chingwe chakechake cha mapini 8. Poyesa RX 580 yogwirapo kale ntchito mukhale okhwima kuposa apo, chifukwa makhadi ambiri a mtundu umenewu anagwira usana ndi usiku pokumba ndalama za crypto asanafike kuno, ndipo ena olembedwa RX 580 2048SP mphamvu yake ndi ya RX 570. GPU-Z ikaonetsa ma shader (tizigawo togwira ntchito m'kati mwa chip) 2304, imeneyo ndiye RX 580 yathunthu.